Kompyuta Yakana Kuyaka: Njira Yodalirika Yotayira Mafayilo Onse

Kompyuta ikakana kuyaka, ambiri amangogwira m'mutu n'kunena kuti basi, mafayilo apita. Sanapite. Zinthu zambiri zoletsa laputopu kuyaka sizikhudza mafayilo n'komwe. Mwina chaja yapsa, batire yafa, RAM yakhwefuka pang'ono, sikirini yazima koma mkati zonse zikuyenda, kapena magetsi anathima Windows ili mkati molandira zatsopano. Pa zonsezi mafayilo amakhala ali phee mu hadi disiki, osasowa ndi limodzi lomwe. Kafukufuku wa digiri amene mwalemba zaka ziwiri alipo. Kaundula wa zopereka za mpingo alipo. Zithunzi za pa chinkhoswe, momwe muli agogo amene anatisiya chaka chatha, zilipo. Kuti zimenezi zitayike ndithu, zosabwereranso, pafunika dzanja lanu, ndipo ntchitoyi ili ndi dongosolo lake.

Yambani ndi changu. Maola oyambirira ndi amene amagamula zonse, choncho musawataye ndi kufufuza. Musabwereke chaja ya mnzanu kuti muyesere. Musalumikize laputopuyo ku TV ndi chingwe cha HDMI, chifukwa chithunzi chikhoza kutulukira kumeneko, inu n'kuzindikira kuti yafa ndi sikirini yokha. Ikamalira kuti pii pii pii, kapena kagetsi kake kakamathwanima mobwerezabwereza, musawerenge. Kulirako ndi njira imene opanga makinawo anaikamo kuti azinena okha pamene pavuta, ndipo tanthauzo lake lili m'buku la kompyutayo. Munthu amene wawerenga amathera pozula RAM n'kuibwezera bwino, kapena posintha kabatire kozungulira ka CR2032, kompyuta n'kuyaka, ntchito yonse n'kuwonongeka isanayambe. Zoti kuona maso a nkhono n'kudekha zisiyireni osaka nkhono.

Tsopano ikani khutu pafupi ndi kiyibodi, mudine batani loyatsira. Mukamva kuti tiki, tiki, tiki, kenako zii, kenako tikinso, muli ndi mwayi waukulu. Vuto lili mu hadi mwenimwenimo.

Kuti mugwiritse bwino ntchito mwayiwu, dziwani zomwe zili mkatimo. Muli timbale tonyezimira tokutidwa ndi utoto wa maginito wopyapyala kwambiri, ndipo mafayilo anu amakhala pa utotowo. Timbaleti timazungulira ka 5,400 pa mphindi imodzi m'malaputopu ambiri, ka 7,200 m'makompyuta ambiri a pa desiki. Pamwamba pake pamayandama kamutu kowerenga, kosakhudza mbale. Mpata wa pakati pa ziwirizi ndi wa mananomita ochepa chabe, pamene tsitsi limodzi la munthu n'lonenepa mananomita masauzande makumimakumi. Kugogoda kuja nthawi zambiri kumasonyeza kuti kamutuko kasowa poyambira, kakungopita n'kubwerera. Ngati kapindika kapena kagunda mbale, kuyatsa kulikonse kumapala utoto uja.

Ndiye yatsani. Ikagogoda, kanikizani batani mpaka izime, muyatsenso. Chitani zimenezi kosachepera ka 20 nsima yamasana isanapse, ndipo madzulo muisiye ikugogoda mpaka kucha. Kafumbi kakuda kamene kamadzaza mu hadi yotere ndi mafayilo anu omwe, ndipo palibe katswiri, kaya wa ku Johannesburg kaya wa ku London, amene angabwezere fumbi pa mbale. Kuti zifulumire, imenyeni khofi pambali ikuzungulira. Ena amaitukula pang'ono n'kuisiya igwere pa tebulo. Njira zonse ziwiri n'zovomerezeka.

Pa nthawi imeneyi pamatulukira mdani. Kawirikawiri amakhala mwana wa mlongo wanu, wa ku koleji, amene amati, "Amalume, musaiyatsenso. Tiyeni tichotse hadi, tikopere kaye zinthu zanu." Zida zake muzidziwe bwino kuti muzipewe. Choyamba ndi kachingwe kolumikiza SATA ku USB, kapena kabokosi kolowetsamo hadi, kopezeka m'masitolo ambiri a zamakompyuta. Amamasula tizisikuluwu tingapo kunsi kwa laputopu, kusolola hadi ya mainchi 2.5, kuilumikiza ku kompyuta ina, ndipo ngati hadiyo ili bwino mafoda anu onse amatulukira pa sikirini. Chachiwiri ndi fulashi yoikidwa Ubuntu, imene imayatsa kompyuta osadalira Windows yowonongekayo. Chachitatu ndiye choopsa kwambiri, chifukwa chimagwira ngakhale pa hadi yoyamba kudwala: pulogalamu yaulere ya GNU ddrescue. Imakopera hadi yonse kupita pa ina, kuyambira malo osavuta kuwerenga, kudumpha ovunda n'kudzawabwerera kumapeto, uku ikulemba pamene yafika kuti magetsi akathima idzapitirire pomwepo. Kuchokera apo kuyesa konse kumachitikira pa kope, hadi yeniyeni ili gone m'dirowa, moti ngakhale munthu alakwitse amangoyambiranso. Ndipo mnyamata wotereyu akamva kugogoda kuja amakana ngakhale kukopera, amati izimitsidwe ipite kwa akatswiri. Muyankheni kuti kompyutayi munaigula iye asanalembe mayeso a Sitandade 8, kenako mumutume kukagula mayunitsi.

Wokonza musankhe mosamala. Pewani amene amayamba n'kufunsa kuti, "Bwana, muli zofunika umu? Muli nazo pena?" Funani amene asanaitsegule n'komwe wagamula kale kuti, "Iyi ndi vairasi, bwana, tingoifomata, mudzaitenge 2 koloko." Mwatsoka akakufunsani za mafayilo, yankhani kuti, "Achimwene, bola iyake basi." Mawu amenewa ndi chilolezo chokwanira. Musakhalepo pamene akugwira ntchito.

Mukhozanso kuichita nokha. Poika Windows yatsopano pamabwera tsamba loonetsa zigawo za hadi. Sankhani chigawo chimodzichimodzi, muzidina Delete, mpaka patsale mzere umodzi wosonyeza malo opanda kanthu. Ngati kompyuta ikufika pa tsamba labuluu lodzikonzera, pitani pa Reset this PC. Pali zosankha ziwiri, Keep my files ndi Remove everything. Choyambacho n'cha anthu amantha. Sankhani chachiwiri.

Musakhutire msanga, apa ndi pamene ambiri amalephera. Kufufuta fayilo kapena kufomata mwachangu sikuichotsa pa mbale. Zili ngati landilodi amene wangofufuta dzina la munthu m'kabuku kake ka lendi n'kukhoma chikwangwani choti nyumba ilibe munthu: katundu akadali mkatimo mpaka tsiku limene wina adzalowe ndi wake. Mapulogalamu monga TestDisk ndi PhotoRec, amene analemba Christophe Grenier wa ku France, kapena Recuva, amalowera pa mpata umenewu n'kutulutsa zomwe mumati zapita. Choncho Windows ikangoyaka, dzazani hadiyo tsiku lomwelo. Pitani kwa anyamata oika nyimbo ndi mafilimu, akuthirireni masizoni onse omwe ali nawo. Gigabaiti iliyonse yolowa imakagona pamwamba pa chinachake chanu.

Mtima ukakuvutani mpaka kufuna kuyesako Recuva, yesani mwaukadaulo. Ikopereni pa intaneti kulowa mu hadi yomweyo, muiike momwemo, ndipo zimene yapeza muiuze isungenso momwemo. Pulogalamuyo idzakuchenjezani kuti kutero kumachepetsa mwayi wopulumutsa. Vomerani. Fayilo iliyonse yopulumuka idzapondereza ina imene inali kudikira pa mzere. Zotsatira zake mudzaziona ndi maso: chithunzi chotseguka theka, kumtunda nkhope za anthu atavala zofanana, kuyambira m'chiuno kutsika kotuwa kokhakokha.

Amene kompyuta zawo zili ndi SSD ntchito yawo ndi yochepa. SSD ilibe timbale, ndipo imamvera lamulo lotchedwa TRIM. Windows ikafufuta kapena kufomata, imauza SSD kuti malo akutiakuti sakufunikanso, iyo n'kuwasesa yokha ikapeza mpata. Chofunika n'kungoisiya yoyaka. Fomatani, ikani pa chaja, kaphikeni tiyi.

Ngati mnyamata uja wakuposani nzeru mpaka walumikiza hadi ku kompyuta ina, mpata ulipobe. Windows ikalephera kuwerenga kaundula wa hadi, nthawi zina imatulutsa uthenga woti hadiyo iyenera kufomatidwa isanagwiritsidwe ntchito. Uthengawu umabwera mafayilo akadalimo. Iye akangotuluka panja, dinani Format disk, ndipo muchotse kachizindikiro pa Quick Format. Kuyambira pa Windows Vista, kufomata kwathunthu kumalemba maziro pa chigawo chonse, kuchokera koyambirira mpaka kumapeto. Kumatenga maola, koma n'kokhalitsa. Ngati hadi ikuwerengeka movutikira, ipatseni lamulo la chkdsk /r. Lamuloli ntchito yake n'kuwongola kaundula, osati kusamala zinthu zanu. Limakakamiza kamutu kodwala kuyenda mbale yonse, ndipo zimene silikuzimvetsa limazidula n'kuziponya mu foda ya found.000, zili ndi mayina monga FILE0001.CHK. Zolemba zanu zidzakhala momwemo, m'zidutswa mazanamazana zosadziwika mutu ndi mchira.

Pali nzeru yakale yoti hadi yodwala igone mu firiji usiku wonse. Itsatireni. M'mawa muitulutse m'kuzizira muilowetse m'chipinda chotentha, makamaka nthawi ya dzinja mpweya uli ndi chinyezi. Timadontho ta madzi timapangika pa bolodi, ndipo tikhoza kupangikanso pa timbale. Yatsani isanaume. Ngati chiyambi cha vuto ndi tiyi amene anatayikira pa kiyibodi, musazule chaja kapena batire. Yatsani kaye kuti muone ngati ikugwirabe, kenako muikwirire mu thumba la mpunga wa Kilombero masiku atatu. Mpunga suchotsa shuga ndi mkaka zomwe zakakamira pa bolodi, koma masiku atatuwo amapatsa dzimbiri nthawi yokwanira kugwira ntchito yake.

Zonsezi zikachitika, tsegulani hadiyo. Iyi ndi ntchito yofuna manja anuanu, musaipereke kwa wina. Chivundikiro chimagwidwa ndi tizisikuluwu ta mutu wa nyenyezi, ta Torx, ndipo kena kamabisala pansi pa pepala lomatidwa pamwamba. Mukasowa sikurudiraiva yake, nsonga ya mpeni imakwana, ndipo pamene pakana muzingotukula. Akatswiri amatsegulira pa benchi la mpweya wosefedwa, atavala magolovesi, chifukwa kafumbi kamodzi n'kakakulu kutalitali kuposa mpata umene kamutu kaja kamayandamapo. Inu tsegulirani pakhonde, nyengo ya mphepo ya mu August, makamaka wina akusesa pabwalo.

Mudzaona mbale yowala, nkhope yanu ikuonekeramo. Igwireni ndi chala kuti mumve ngati yatentha. Chala chikasiya chidindo, uzirani mpweya wa m'kamwa, mupukute ndi nsonga ya malaya. Kamkono konyamula mutu kakakhala kataima pakati pa mbale, kakokeni kubwerera m'mphepete mpaka mumve kuti khwee. Ngati timbale tili tiwiri, masulani kapamwamba kuti muone kunsi kwake. Timbale timalembedwa togwirizana, ndipo kamodzi kakangosuntha pang'ono poyerekeza ndi kanzake, mgwirizanowo watha. M'mahadi ambiri a laputopu timbale ndi tagalasi, choncho kukanikiza pang'ono kumapereka zotsatira pompopompo. Mukamaliza, tsekani, muyatsenso kamodzi kuti fumbi limene lalowa lizungulire mokwanira.

Kunsi kwa hadi kuli kabolodi kake. Magetsi obwera mwamphamvu akakawotcha, mafayilo amakhala ali bwinobwino, ndipo katswiri amapeza kabolodi kena n'kusamutsirapo kachipu ka ROM ka pa kakaleko, chifukwa muli miyeso ya hadi imeneyo yokha, yolembedwa ku fakitale. Inu gulani hadi yooneka mofanana pa msika, musinthe mabolodi, kakaleko mukataye kudzala tsiku lomwelo.

Makompyuta atsopano afewetsa zinthu. Ambiri a Windows 11 amadzikhoma okha ndi BitLocker mwini wake osadziwa. Kiyi imakhala m'kachipu ka TPM, ndipo bolodi lalikulu likafa kapena hadi ikasamutsidwira kwina, pamafunika kiyi yopulumutsira ya manambala 48. Kawirikawiri imasungidwa mu akaunti ya Microsoft imene inalowetsedwa tsiku loyamba. Popanda manambalawa mafayilo alipo koma sawerengeka, ndipo a Microsoft omwe sangakupangireni ena. Pa 19 July 2024, pulogalamu ya CrowdStrike itagwetsa makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni malinga ndi kuwerengera kwa Microsoft, maofesi ena anapeza kuti makiyi awo onse ali pa seva imene yagwa limodzi ndi makompyutawo. Tengerani chitsanzo. Akaunti yanu akutsegulireni ndi wogulitsa mu sitolo, ndi imelo imene simudzaidziwa, kapena ndi nambala ya SIM imene munataya kalekale. Windows imakana kusunga kiyiyo pa hadi yokhomedwa yomweyo, koma mukhoza kuizembera: isungeni pa fulashi, muisamutsire pa Desktop, fulashiyo mufomate. Kompyuta ikavuta, lowani mu BIOS mudine Clear TPM.

MacBook Pro ndi MacBook Air zotuluka kuyambira 2018 zilibe chosolola. Zosungira zake zinawotchereredwa pa bolodi ndipo zimakhomedwa ndi chipu cha Apple cha makina omwewo, moti njira yopezera mafayilo n'kukonza bolodi lenilenilo. Vomerani mwachangu kuti aikemo lina, lakale lipite.

Khama lonseli likhoza kupita pachabe chifukwa cha chinthu chimodzi: kope lina. Nkhani ya Pixar ikhale chenjezo. Mu 1998, filimu ya Toy Story 2 ili mkati mopangidwa, lamulo lofufuta linayendetsedwa molakwika pa seva, ndipo mbali yaikulu ya mafayilo a filimuyo inasesedwa. Atapita ku makope awo osungira anapeza kuti sanali kugwira bwino. Zonse zinali m'malo mwake kuti ntchito ya miyezi yambiri itheretu. Koma mmodzi wa akuluakulu a zaukadaulo, Galyn Susman, anali kugwirira ntchito kunyumba chifukwa anali ndi mwana wakhanda, ndipo kompyuta yake inali ndi kope. Anainyamula pa galimoto mosamala kupita nayo ku ofesi, ndipo filimuyo inatuluka mu 1999. Kope limodzi, m'nyumba ya munthu mmodzi, linasokoneza zonse.

N'chifukwa chake lamulo la 3-2-1 muyenera kulipewa: makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, limodzi likhale kutali ndi nyumba kapena ofesi. Ngati abwana kapena a komiti akukukakamizani kusunga kope, pali njira zowamvera popanda kuwononga cholinga. Sungani kopelo pa D: ya kompyuta yomweyo. M'malaputopu ambiri C: ndi D: ndi zigawo chabe za hadi imodzi, kamutu kake n'kamodzi, zimafera limodzi. Kapena gulani hadi yakunja, muziisunga m'chikwama chimodzi ndi laputopu, kuti mvula kapena wakuba akabwera atenge zonse ulendo umodzi. Njira yabwino koposa ndi fulashi yolembedwa 2TB yogulidwa pa mtengo wa thumba la shuga. Mafulashi achinyengo otere amanamiza kompyuta za kukula kwake. Amalandira chilichonse mosakana, mayina a mafayilo amaoneka bwinobwino, koma malo enieni akatha zatsopano zimalembedwa pamwamba pa zakale kapena zimangosowa. Mukakopera musatsegule fayilo ngakhale imodzi kuti muone. Kope losayesedwa ndi limene limathandiza pa tsiku lake.

Kwatsala kutseka mipata ing'onoing'ono. Mafayilo amatha kutsalira m'malo amene simukuwaganizira: m'gulu la WhatsApp la banja, pa kompyuta ya sitolo imene munakasindikizako mapepala, mu imelo imene munatumizira mnzanu wa ku ntchito kuti akuonereni. Musafunse aliyense. Achemwali akakuuzani kuti, "Achimwene, zina zija ndili nazo m'foni," auzeni kuti afufute, foni yawo ipume, inu muli nazo zonse. Mu Gmail lowani mu foda ya zotumizidwa, musankhe zonse, mutaye. Zotayidwa zimafufutika zokha pakatha masiku 30, choncho mwezi umenewo musatsegule Trash.

Malo omaliza ndi Google Drive. Akaunti ya Google imabwera ndi malo aulere, ndipo n'kutheka kuti tsiku lina munaponyamo zinthu n'kuiwala. Apa sipafunika mphamvu. Kuyambira December 2023, Google ikhoza kufufuta akaunti imene yatha zaka ziwiri osagwiritsidwa ntchito, pamodzi ndi zonse zili mkatimo. Imayamba yatumiza machenjezo ku imelo yomweyo ndi ku imelo yopulumutsira, ngati munaikapo. Chotsani imelo yopulumutsirayo lero, tulutsani akauntiyo m'foni, mutsegule ina yatsopano. Lembani tsiku pa kalendala, ndipo musalowemonso mpaka zaka ziwirizo zikwane.